Agogo akasokonekera mwadzidzidzi, nesi wa pakhomo azikhala woyamba kudabwa

Kuno ku Mangochi munthu wachikulire akangoyamba kuyankhula zosagwirizana, mayankho timakhala tili nawo kale m'thumba. Wina amati aaa ndi ukalamba umenewo asiyeni, wina amati misala yawayamba tiwatengere ku Zomba, nde pali gulu lina lomwe ine limandiopsa kwambiri, lija loti likangomva agogo akutchula maina a anthu oti anamwalira kalekale basi layamba kunong'onezana kuti mwamva, akuulula amene anawadya. Koma ngati gogoyo dzana lomweli anali bwinobwino, amapalira kumunda, amasoka ukonde pakhonde, amawerenga ndalama za mandasi osalakwitsa olo K50, nde lero sakudziwa kuti ali kuti komanso akumuitana mdzukulu ndi dzina la mchemwali wawo, imeneyo nthawi zambiri si nkhani ya ukalamba ayi. Thupi likudwala penapake ndipo mutu ndi umene wayamba kuonetsa. Achipatala amati delirium, ndipo ndi emejensi, yofunika kuthamanga nayo.

Maganizo anga ndi oti munthu woyenera kuzindikira msanga zimenezi ndi nesi amene amalandira odwala pakhomo, ku OPD kapena ku casualty, ndipo aphunzitsidwe dala, osati kungoti poti anapita ku koleji nde aziona yekha. Ndi iyeyo amene amasankha kuti uyu alowe kaye, uyu adikire pa benchi. Adokotala amakumana ndi wodwala mphindi zochepa chabe, mwinanso nthawi imene mutu wabwererako pang'ono, pomwe nesi wamuona munthuyo akutsitsidwa pa kabaza, wamuyeza BP, wamuona akuwodzera pamzere dzuwa lili pamutu.

Tisasokoneze ndi nthenda ija yoiwalaiwala, dementia. Ija imabwera mwakachetechete, miyezi kapena zaka, lero aiwala pomwe anaika fungulo, chaka chamawa aiwala njira ya kumsika. Delirium ndi ya maola kapena masiku ochepa, ndipo imasinthasintha, m'mawa akucheza nanu bwinobwino mpaka kufunsa za mbuzi zawo, kukangoda ayamba kuona anthu pakhoma. Chizindikiro chake chachikulu ndi choti munthu amakanika kutsatira zimene mukumuuza, mumawafunsa funso akuyang'anani ndithu koma pakati pa yankho asochera, ayamba nkhani ina kapena angogona. Chovuta nchoti amene ali kale ndi dementia ndi amenenso imawagwira mosavuta, nde achibale akangoti "amaiwala kale awa" nkhani imathera pomwepo, pomwe funso linayenera kukhala loti inde amaiwala, koma kodi sabata yatha analinso chonchi?

Nde pali mitundu yake. Pali agogo aja olusa, ozula dripu, otukwana, ofuna kuthawa pabedi. Amenewa saphonyeka, wodi yonse imawadziwa, ngakhale kuti kawirikawiri amangopatsidwa dzina loti amisala. Koma ambiri ndi aja ongokhala phee. Sakudya, sakufunsa kanthu, akungowodzera, ukawaitana amatsegula maso nkutsekanso. Pamzere wa anthu ambirimbiri ana akulira, wina wavulala pa njinga yamoto magazi ali chuchuchu, gogo wodekha chonchi amaoneka ngati wodwala wabwino, woleza mtima, oti akhoza kudikira. Ndi amenewa amene amatipulumuka.

Ndipo musaganize kuti ndi ife tokha osauka amene timaphonya. Mu 2009 a Jin Han ndi anzawo ku Vanderbilt, mumzinda wa Nashville ku America, anayeza achikulire 303 omwe anabwera ku emejensi. Anapeza 25 ali ndi delirium, pafupifupi onsewo anali a mtundu wongokhala chete uja, ndipo 19 mwa 25 amenewo madokotala a ku emejensi sanawazindikire. Kumeneko ndi kwa anthu a makina onse, magetsi osathima. Chimene chinasowa si makina koma chizolowezi chofunsa dala. Nanga kuli bwanji kuno komwe nesi mmodzi akhoza kukhala ndi khonde lonse lodzadza yekha, m'boma loti kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 1.1 miliyoni?

Zoyambitsa zake kuno sitichita kuzifuna kutali. Malungo, poti tili m'mphepete mwa nyanja ndi mtsinje wa Shire udzudzu sutha. Chibayo. Matenda a njira ya mkodzo. Ndipo pano mpamene nesi ayenera kuchenjera, chifukwa nkhalamba ikhoza kukhala ndi matenda aakulu m'thupi koma thupi osatentha olo pang'ono, thermometer ikuonetsa zabwinobwino, chizindikiro chokha nkukhala kusokonekerako. Kenako kutentha kwathu kwa mu Okotobala ndi Novembala, achikulire samva ludzu msanga ngati ife, ena amakana dala madzi kuopa kudzukadzuka usiku poti chimbudzi chili kutali, thupi nkuuma osadziwa. Onjezani kutsegula m'mimba masiku awiri, basi mutu wapita.

Shuga nde ndi nkhani ina yake. Agogo ambiri akumwa glibenclamide, mankhwala oti amatsitsa shuga kaya munthu wadya kaya sanadye. Akadwala pang'ono nkusiya kudya koma mapilisi akumwabe mokhulupirika monga anawauzira ku kiliniki, shuga amagwa, ayamba thukuta, kubwebweta, mwina kulusa kumene. Mwezi wa Ramadan, m'boma ngati lathu lino lomwe Asilamu ndi ochuluka, nesi aliyense amayenera kukhala ndi funso limeneli pakamwa, kuti kodi akusala? Chipembedzo chimalola odwala kuti asasale, mashehe amanena ndithu, koma mukuwadziwa agogo athu, kuwauza kuti mumasule amaona ngati mukuwanyoza. Kuyeza shuga pachala sikutenga olo mphindi ziwiri ndipo akapatsidwa glucose munthu amabwerera mukuona.

Palinso mankhwala ena oti timawaona ngati opepuka. Piriton wa chimfine, Phenergan, amitriptyline amene ena amapatsidwa chifukwa cha kutentha kwa mapazi, tramadol wa msana, diazepam wogonetsa. Kwa mnyamata wa zaka 25 palibe vuto lalikulu, koma kwa munthu wa zaka 78 impso zake zitatopa kale akhoza kumusokoneza mutu. Ndipo poti masiku ano mankhwala timangogula pa famase kapena pa okala, mwana wa ku Joni watumiza ena, mpongozi wabweretsa a zitsamba m'botolo la Sobo, palibe amene akudziwa kuti agogo akumwa zingati pa tsiku. Tisaiwalenso kuti anthu akukalamba ndi ma ARV tsopano, nde gogo wosokonekera mutu ukumupweteka, khosi louma, nesi asachite manyazi kufunsa za HIV poganiza kuti ndi munthu wamkulu.

Chaka china ndikudikirira m'bale wanga pa chipatala china, dzina ndisatchule, anabwera nawo bambo achikulire, asodzi a kunyanja ya Malombe. Usiku woyamba anazula dripu kawiri, amakuwa kuti bwato likumira, mpaka ana awo anawamanga manja kubedi ndi zitenje, anthu m'wodimo akudandaula kuti achotseni amisalawa tigone. Mwana wawo wamkulu anali atayamba kale kuimba foni kumudzi kuti akafunse kwa asing'anga. Nde kunabwera nesi wa naiti, mayi wachikulireko ndithu. Sanayambe ndi jakisoni. Anawagwira dzanja, "Agogo, mwaswera bwanji? Muli kuti kuno?" Iwo akungonena za ukonde. Anatembenukira mwanayo.

"Achimwene, bambowa akodza liti komaliza?"

"Aaa a nesi, kaya, mwina dzulo m'mawa."

Anakweza malaya nkudina pansi pa mchombo, pamimba pali gwaa, bambowo anakuwa mpaka wodi yonse kudzuka. Anathamangira katheta, kachubu kotulutsira mkodzo. Thumba la mkodzo linadzadza ife tikuona. Sanachire nthawi yomweyo ayi, mawa lake analinso osokonekera pang'ono, koma tsiku linalo ndinawapeza atakhala tsonga akumwa phala, akufunsa kuti wandimanga ndani ine. Abambo achikulire ambiri prostate, kachiwalo ka pansi pa chikhodzodzo, ikakula imawatsekera mkodzo, komanso kuno likodzo la zaka zambiri limaononga chikhodzodzo, nde dzanja la nesi pamimba ndi chipangizo choti sichifuna batire. Zimene anachita mayi uja siziyenera kudalira mwayi woti usiku umenewo pa shifiti pali munthu wazaka zambiri pantchito. Zikhoza kuphunzitsidwa.

Njira zoyezera zilipo kale, anthu ena anatikonzera. Pali CAM imene a Sharon Inouye ndi anzawo anatulutsa mu 1990, imayang'ana zinthu 4, kuti zayamba mwadzidzidzi ndipo zikusinthasintha, kuti munthu sakutha kutsatira, kuti maganizo ake abalalika, komanso kuti akugona kapena kulusa mopitirira. Ziwiri zoyambazo zikhalepo zonse, kuphatikiza chimodzi mwa zinazo. Nde pali 4AT yochokera ku Edinburgh ku Scotland, ya mu 2011, yoti nesi akhoza kuimaliza mphindi ziwiri zisanakwane. Amaona ngati munthu ali maso bwinobwino, amamufunsa zaka zake, tsiku lobadwa, malo omwe ali ndi chaka chomwe tili, amamuuza kuti atchule miyezi ya pachaka chobwerera m'mbuyo kuyambira Disembala, kenako amafunsa ngati pali kusintha kwadzidzidzi. Mapointi onse ndi 12, akafika 4 kapena kuposa nde kuti delirium ikuganiziridwa.

Apa mpamene ndimasiyana ndi anthu amene amaganiza kuti treningi ndi kupanga fotokope fomu ya azungu nkuimata pakhoma. Tengani anganga a ku Katuli kapena ku Makanjira oti sukulu sanapondeko, Chichewa amangomva pang'ono, kwawo nkuyankhula Chiyao. Muwafunse tsiku lobadwa. Akuuzani kuti pa njala ya 1949 ndinali nditayamba kale kutunga madzi, ndipo limenelo ndi yankho la munthu wa mutu wake wogwira bwinobwino. Tsiku lolembedwa pa chiphaso cha unzika mwina anangowaganizira olembawo. Zaka sakudziwa, tsiku sakudziwa, fomu ikuwapatsa mapointi 2. Miyezi chobwerera m'mbuyo, munthu woti miyezi amaiwerenga ndi mvula, dzinja, masika ndi Ramadan, pointi ina. Afika 3 asakudwala chilichonse m'mutu. Njira ina ya ku America imauza wodwala kuti atchule zilembo za mawu oti LUNCH kuyambira kumapeto, tangoganizani. Nesi akaona kuti fomu ikumupatsa zabodza kawiri katatu, amaisiya, ndipo sindingamudzudzule.

Koma taonani bwino 4AT yomweyo. Mafunso awiri amene safuna sukulu, loti munthu ali maso bwinobwino kapena ayi ndi loti wasintha mwadzidzidzi, lililonse palokha ndi mapointi 4. Kutanthauza kuti mbali yolemera kwambiri ili m'maso mwa nesi ndi pakamwa pa gadiyani. Ndipo ife magadiyani tili nawo, chinthu chimene kunjako alibe chonchi. Kuno wodwala sabwera yekha, pamakhala mwana, mdzukulu, mpongozi, wina wogona pansi pa bedi usiku wonse, wophika kukhitchini ya magadiyani, munthu woti akudziwa kuti amayi ake Lachisanu anapita okha kumzikiti ndipo Loweruka anayamba zachilendo. Vuto ndi loti gadiyani timamuona ngati wodzadzitsa malo, "magadiyani panja!", m'malo moti nesi amufunse funso limodzi, kodi mmene alilimu ndi mmene amakhalira masiku onse? Akati ayi, zayamba dzana, gogoyo asabwererenso pa benchi.

Zotsalazo zikonzedwe kuti zigwirizane ndi kwathu kuno. M'malo mwa miyezi, masiku a sabata chobwerera m'mbuyo, Loweruka, Lachisanu, Lachinayi, njira imeneyi madokotala ena amaigwiritsa kale ntchito. Kapena kuwerenga kuchoka 20 kutsika mpaka 1, poti ndalama aliyense amawerenga. Mafunsowo akhale m'Chichewa ndi m'Chiyao, ndipo nesi wochokera ku Mzimba kapena ku Dedza amene watumizidwa kuno aphunzire olo ziganizo zisanu za Chiyao, chifukwa gogo wosamva funso ndi gogo wosokonekera amayankha mofanana, onse amangokuyang'ana. Chimodzimodzi wogontha. Sukulu ya KUHeS ili ndi nthambi konkuno ku Mangochi komwe ophunzira udokotala amabwera kudzaphunzira za umoyo wa m'midzi, ine ndikuona kuti ndi malo abwino oyesera mafunso otere mwaukatswiri kuti tidziwe amene akugwiradi, osati aliyense kumangopeka ake.

Wina anena kuti iwe, manesi ndi ochepa kale, atopa, mankhwala ena kulibe, nde ukufuna kuwaonjezera ntchito ina? Nkhawa imeneyi ndi yoona ndipo sindikuipeputsa. Koma ntchitoyo akuigwira kale, kungoti akuigwira mochedwa komanso movutikira. Gogo amene waphonyedwa pa OPD nkupatsidwa panado kuti azipita, abweranso patapita masiku atatu atakomoka, ngati abwere nkomwe, poti kuchokera ku Makanjira ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 100 pamsewu woti mukuudziwa nonse ndipo thiransipoti kawiri banja silingakwanitse. Amene wagonekedwa osazindikiridwa ndi uja azule dripu, agwe pabedi athyoke chiuno, atsamwe ndi phala, akhale m'wodi masabata. Ofufuza m'maiko osiyanasiyana amapeza zofanana, kuti achikulire amene agwidwa ndi delirium amakhalitsa m'chipatala ndipo amamwalira mochuluka kuposa anzawo. Mphindi ziwiri pakhomo ndi zotchipa kuposa zonsezo.

Winanso ati chabwino tazindikira, nde titani poti sikani ya mutu kulibe? Zoyambitsa zambiri sizifuna sikani. Kuyeza shuga, kuyeza malungo, kachipangizo ka pachala koyeza oxygen, kumvetsera pachifuwa, kudina pamimba, kufunsa kuti kuchimbudzi apita liti, kuyang'ana zilonda kumsana ndi kumapazi, kutsegula buku la kuchipatala nkuona zimene analemberedwa mwezi watha. Zambiri mwa izi olo pa health centre ya kumudzi zimatheka. Ndipo treningi yabwino iphunzitsenso zosayenera kuchita, makamaka kuthamangira diazepam kuti wodi ikhale bata. Diazepam ali ndi malo ake, monga munthu amene akunjenjemera chifukwa wasiya mowa mwadzidzidzi kapena amene akugwa khunyu, koma kwa gogo wa chibayo kapena wa mkodzo womangika amangokulitsa vutolo, wolusa uja nkusanduka wachete uja, ife nkumati wapeza bwino. Kumanga ndi zitenje nakonso kumangoonjezera mantha. Bola gadiyani amene amamudziwa akhale pafupi, azimuuza kuti muli kuchipatala amayi, lero ndi Lachitatu, azimumwetsa madzi pang'onopang'ono, magalasi ngati ali nawo avale, masana akhale tsonga aone kuwala.

Za mmene treningiyo ichitikire nde ndili ndi mawu. Ife a ku Mangochi ma wekishopu timawadziwa kuposa wina aliyense, magalimoto a mabungwe amadutsa pano sabata iliyonse kupita kumahotela a kunyanja, anthu akadya chambo, asayina alawansi, atenga T-shirt, basi. Opitako nthawi zambiri ndi mabwana a mu ofesi, nesi wa naiti uja sapezekako poti palibe womulowa m'malo. Izi sizikufunika hotela. Zikufunika mphindi 15 pa handover ya m'mawa, manesi akamasinthana shifiti, mobwerezabwereza, pabedi pa wodwala weniweni, wamkulu akuonetsa wamng'ono mmene amafunsira. A Nurses and Midwives Council amafuna kale kuti nesi aliyense azisonkhanitsa mapointi a CPD, a maphunziro oonjezera ali pantchito, kuti laisensi yake ipitirire, nde maphunziro amenewa angolowa momwemo. Ndipo aphunzitsidweko ndi ena amene amayamba kukumana ndi wodwala, ma hospital attendant, alonda a pageti, ma HSA a m'midzi, olo kungodziwa kuti nkhalamba yongowodzera pa benchi aikokere kutsogolo.

Sizachilendo kwa ife izi. Njira ya ETAT yosankhira ana odwalitsitsa kuti athandizidwe msanga inakulira konkuno ku Malawi, ku Queens ku Blantyre nthawi ya dokotala wa ana a Elizabeth Molyneux, ndipo atakonza kalandiridwe ka ana pakhomo imfa za m'mawodi a ana zinatsika kuchoka pa 10 mpaka 18 mwa 100 alionse kufika pa 6 mpaka 8. Lero nesi aliyense akudziwa kuti mwana wolefuka wosayamwa saima pamzere. Tinakwanitsa kwa ana chifukwa tinavomereza kuti mwana sangathe kudzinenera. Gogo wosokonekera nayenso sangathe, kungoti iye alibe bungwe lomuthirira ndalama.

Ndipo nkhaniyi kwathu kuno simathera pa bedi lachipatala. Mu 2016 ku Neno anthu anapha achikulire 4 powaganizira ufiti, ndipo a MANEPO, bungwe loyankhulira achikulire, akhala akudandaula chaka ndi chaka kuti nkhanza zotere sizikutha. Lamulo la Witchcraft Act la 1911 limaletsa kumutchula munthu kuti ndi mfiti, mu 2024 aphungu anavomerezanso lamulo loteteza achikulire, koma lamulo lili ku Lilongwe pomwe gogo akubwebweta ali m'mudzi, anthu atazungulira nyumba kumvetsera maina omwe akutchula. Nesi akanena pamaso pa achibale onse kuti awa ndi malungo afika kumutu, kapena shuga anatsika, nkulemba m'buku mwawo momveka bwino, mawu amenewo amabwerera nawo kumudzi ndipo amatseka pakamwa anthu ambiri. Awauzenso kuti mutu sumabwerera tsiku limodzi, ena zimawatengera masabata, kuti akafika kunyumba nkuyankhulabe zachilendo madzulo anthu asayambenso manong'onong'o.

Ife magadiyani nafenso tili ndi mbali yathu poyembekeza kuti matreningiwo ayambe. Mukafika pa nesi musangoti agogo sakupeza bwino. Nenani tsiku limene anali bwino komaliza ndi zimene anachita tsikulo, nenani kuti sakhala chonchi. Tengani jumbo muikemo mankhwala onse amene akumwa, a kuchipatala, ogula, a zitsamba omwe, mumupatse nesiyo aone yekha. Ndipo ngati amamwa kachasu tsiku ndi tsiku nde asiya masiku awiri atatu apitawa chifukwa chodwala, nenani ndithu olo monong'ona, kaya ndi munthu wolemekezeka kumpingo kaya kumzikiti, chifukwa mankhwala a ameneyo ndi osiyana ndi a ena onse aja.